Tikiti ya Anti Yodzera ku Brussels

Tikiti ija ndinagula ndine, ndiyambe ndavomera zimenezo. Ndinagulira pa foni yanga, ndili pa buleki kuntchito, dzanja linalo lili ndi tiyi. Sizinanditengere ndi mphindi khumi zomwe, ndipo nditamaliza ndinadzimva ngati munthu wochenjera kuposa onse mu Rotherham.

Inali tikiti ya anti anga, achemwali awo a bambo. Ndi amene anandilandira nditabwera kuno ku England. Timakhala nyumba imodzi, ndipo tonse timagwira ntchito yosamalira okalamba, iwo kwina ine kwina. Mwana wawo mmodzi yekhayo, msuweni wanga, anali ndi chinkhoswe ku Lilongwe Loweruka. Anti anali atatha zaka zitatu osamuona mwanayo, kupatula pa vidiyo. Holide anapempha kalekale, koma manejala wawo ankangoti dikirani kaye, antchito achepa, mpaka anadzavomera kutatsala masabata awiri okha. Shifiti yomaliza Lachitatu, kunyamuka Lachinayi, kufika Lachisanu masana, chinkhoswe mawa lake. Panalibe tsiku lapadera loti zikavuta tiona.

Matikiti ogula mochedwa mumawadziwa inu. Anti atangoona mtengo anaika foni pansi n'kuyamba kupukuta tebulo loti ndi loyera kale. Ine ndiye pakamwa panga, "Anti, zisiyeni kwa ine. Anthu amabedwa chifukwa sadziwa kufufuza."

Kutchalitchi kwathu ine ndimadziwika ndi foni. Palibe anandiphunzitsa, ndimangobayabaya mpaka zitheke. Mafomu, kupeza tsiku lokaonana ndi dokotala, kuona nthawi ya basi, azimayi amangondipatsira foni, "Mwanawe, tationere apa." Ndiye ndinafufuza n'kuipeza njira. M'malo mogula tikiti imodzi ya Manchester mpaka Lilongwe, ndinagula ziwiri, kumakampani awiri osiyana. Yoyamba ya kandege kochoka ku Manchester kupita ku Brussels, m'dziko la Belgium. Yachiwiri ya ndege yaikulu yochoka ku Brussels madzulo omwewo, kudzera ku Addis, mpaka kwathu. Mtengo unatsika moti anti anandikumbatira, chinthu choti sachita wamba.

"Koma Brussels yakoyo ndi kutali bwanji?" anandifunsa.

"Pafupi, anti! Taonani apa." Ndinawakulitsira mapu ndi zala. "Mtunda wake sukwana ndi wa Blantyre kukafika ku Mzuzu womwe. M'mwamba ndi ola limodzi ndi kenakake. Munyamuka 3 koloko masana, mukatera cha m'ma hafu pasiti 5 ya kumeneko, poti wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi. Yaikuluyo ndi ya 8 koloko. Mukakhala ndi nthawi yomwa tiyi, yopemphera, mwinanso yoodzera."

Ndipo zonsezo zinali zoona, abale. Maola ndinawerenga bwino, mtunda ndinauona bwino, za wotchi ndinakumbukira. Pogula panatuluka kabokosi kachikasu kokhala ndi timalemba ting'onoting'ono. Ndinakabaya osawerenga, ngati mmene timachitira tonse.

Tsono kuno munthu sapita kumudzi yekha. Abusa akangolengeza kuti mayi athu awa akupita kwathu, tiwapempherere, pemphero lisanafike pa ameni anthu ayamba kale kuganiza zotumiza. Ndipo sungakane. Anti zaka zitatu zonsezo anakhala akutumiza zinthu kwa mwana wawo kudzera mwa anthu omwewa, wina anawanyamulira mpaka bulangeti. Ndiye sabata yonse belu la pakhomo silinapume. Mayi wina wa kwaya anabwera ndi mapilitsi a nyamakazi a amayi awo ku Dowa. Wina foni ya mwana wawo wa Fomu 4. Wina mawigi atatu. Bambo wina wa ku Zambia anabwera ndi nsapato za mpira, akuti mlamu wake adzachoka ku Chipata kudzatenga. Aliyense amvekere, "Ndi kakang'ono, sikalemera," ndipo aliyense ankanama. Kuphatikiza za anti eni ake, mbale za mphatso, nsalu za pabedi, majekete awiri a ankhoswe, diresi lawo la pa mwambo ndi nsapato za mkwatibwi, zinadzaza masutikesi awiri aakulu. Tinayeza pa sikelo ya kubafa, ine kukwera ndekha, kenako kukwera nditakumbatira sutikesi, anti atagwada akuwerenga manambala. Malo a katunduyo ndinalipirira pa ndege zonse ziwiri. Pamenepanso ndinadzitama.

Lachinayi ndinali pa ofu, ndiye ndinawaperekeza. Basi mpaka ku Sheffield, sitima mpaka ku Manchester, kusintha, sitima ina mpaka pa bwalo la ndege. Kunali kotentha, masiku aja oti dzuwa limakana kulowa. Njira yonse ine kulankhula, kujambula, kutumiza zithunzi pa gulupu ya mpingo. Tinafika bwinobwino 1 koloko itangodutsa, n'kuima pamzere.

Pa kauntala panali mtsikana wa msinkhu wanga. Anatenga pasipoti ya anti, kuitsegula, kutembenuza masamba mpaka kumapeto, kubwereranso koyambirira. Ndinangoti mwina ndi watsopano.

"Viza ya ku Belgium ili kuti?" anafunsa m'Chingerezi.

Ine ndinalumphira kutsogolo, foni m'manja. "Sakupita ku Belgium, akungodutsa. Onani, tikiti ina ndi iyi, ya 8 koloko."

Anayang'ana sikirini yanga, kenako masutikesi. "Imeneyo ndi kampani ina. Tikiti yathu ikuthera ku Brussels, ndipo masutikesiwa tikawatsitsa komweko. Kuti akawatenge n'kukawapereka ku kampani inayo, ayenera kutuluka, kudutsa pa apolisi a m'malire. Ndi pasipoti iyi sangadutse opanda viza ya kumeneko. Ndiye sindingawakweze."

"Koma ali ndi viza ya kuno! Amagwira ntchito kuno!"

"Ya kuno ndi ya kuno, love."

Anti amamva Chingerezi kuposa ine, amalemba malipoti a odwala tsiku lililonse. Koma ananditembenukira n'kundifunsa m'Chichewa, motsitsa mawu, "Akuti chiyani?"

Amafuna amve kuchokera kwa ine.

"Akuti simungakwere, anti."

"Chifukwa?"

"Chifukwa cha mmene ndinagulira."

Kumbuyo kwathu anthu anali atayamba kusuntha miyendo ndi kupumira m'mwamba. Tinachoka pamzere n'kukaima pafupi ndi chipilala. Anti akakhumudwa salankhula, amakonza zinthu. Anayamba kuwongola lamba wa sutikesi, kumasula, kumanganso. Ine zala pa foni ngati ndapenga. Ndege ina ya tsiku lomwelo yokafika ku Lilongwe Lachisanu panalibe. Ya mawa lake imakafika Loweruka masana, mwambo utayamba kalekale. Ndinafufuza za viza ija, mwina pali yachangu. Palibe, ndi ya kulemba mafomu, kukaonekera, kudikira masiku. Ndinabwerera ku imelo ya tikiti, kukapeza timalemba tija. Zonse zinali momwemo, abale. Zonse zimene mtsikana uja ananena.

"Anti, pepani."

"Pepani sakwera ndege," anatero osandiyang'ana.

Apo foni yawo inalira. Anali msuweni wanga pa vidiyo. Anti anaiyang'ana ikulira mpaka inasiya yokha. Ndi chimenecho chinandibweza pa kauntala. Sindinaimenso pamzere, ndinangopita pambali n'kumuuza mtsikana uja kuti chonde ndikufuna wamkulu wake. Kunabwera mayi wina wa imvi, magalasi ali pa chingwe. Ndinafotokoza zonse nthawi imodzi, chinkhoswe, zaka zitatu, holide, mwana mmodzi yekha, mpaka mayiyo anakweza dzanja kuti kaye. Anagogoda pa kompyuta nthawi yaitali. Anaimba foni. Anagogodanso.

"Vuto ndi katunduyu," anatero. "Akapita ndi kachikwama ka m'manja kokha, ndipo akakhala ndi bodingi pasi ya ndege yachiwiriyo asanakwere yathu, sakuyenera kutuluka. Akhala mkati momwemo n'kupita ku geti linalo. Zikatero ndiwakweza. Koma kauntala tikutseka pakatha mphindi makumi awiri ndi zisanu."

Ndinagwada pansi pomwepo n'kuyamba cheki-ini ya ndege yachiwiri pa foni. Ine amene ndimalemba meseji osayang'ana, nambala ya pasipoti ndinailakwitsa kawiri. Kachitatu kanthu ka pa sikirini kaja kanayamba kuzungulira. Kuzungulira, kuzungulira. Ndinkamva anti akupemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Kenako pasi ija inatuluka. Ndinaijambula, kutumiza pa foni yawo, kutumizanso kachiwiri, kuthamanga kukamuonetsa mayi wa magalasi. Anagwedeza mutu n'kuloza wotchi.

Ndiye tinatsegula masutikesi pansi, pakati pa bwalo la ndege la Manchester, anthu akutilambalala. Zovala zamkati, mawigi, mbale, zonse poyera. Ine manyazi anali atatha. Anti anakhuthula kachikwama kawo n'kuikamo diresi, nsapato za mkwatibwi, zosinthira ziwiri. Malo anatsala pang'ono.

"Foni ya mwana wa Fomu 4 ilowa, anti, ndi yaing'ono. Wigi imodzinso ilowa."

"Mapilitsi okha."

"Koma malo alipo!"

"Ndati mapilitsi okha, poti ndi matenda. Ndikatenga cha uyu n'kusiya cha uyu, ndidzalowa bwanji m'tchalitchi muja? Adzati ndinasankha nkhope. Za eni ake zibwerere zonse."

Ndinanyamula mbale zija, zimene anti anazisunga pamwamba pa wadiropu chaka chathunthu. "Nanga izi?"

Anaziyang'ana kanthawi. "Sadyera pansi kumeneko. Zisiye."

Majekete a ankhoswe okha ndi amene anakana kusiya. Ankhoswe ndi azichimwene awo, mmodzi ndi bambo anga, ndipo anali atawalonjeza. Anavala jekete yoyamba pamwamba pa juzi lawo, yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Kutentha konse kuja. Manja a jekete anawapitirira zala. Tsiku lina ndikanaseka mpaka kugwa, koma apo ndinangowapinda manjawo, n'kuwaponyera pawa banki yanga m'thumba. Tinafika pa kauntala mtsikana uja akuchotsa kale chikwangwani.

Pa khomo la sekyulite sanandikumbatire. Anangoti, "Foni yako isazime," n'kulowa.

Ndinaganiza kuti zatha. Ndinakhala pa sutikesi imodzi, inayo pambali, kudikira kuti ndege inyamuke ndiyeno ndizipita. 3 koloko itayandikira, pa bodi panasintha. Yachedwa. Osanena kuti ndi mphindi zingati. Hafu pasiti 3, yachedwabe. Ndinayamba kuwerenga maola aja, amene ndinawatama kuti mukamwa tiyi n'kuodzera. Ankasungunuka ndikuona. Ndinawaimbira anti.

"Tangokhala," anatero. "Akuti ndegeyo sinabwere kumene ikuchokera."

"Mwavula majekete?"

"Ndikavula ndiwanyamula ndi chiyani? Iwe, ndiuze zoona. Ndiipeza inayo?"

"Muipeza, anti."

"Usandiyankhe ngati ukugulitsa malonda. Werenga."

Ndinawerenga mokweza. Akanyamuka hafu pasiti 4 ya kuno, atera cha m'ma teni tu 7 ya kumeneko. Geti la ndege yaikulu amatseka 8 koloko isanakwane, pa pasi analemba twente tu. Ndiye kuti atsike, ayende, adutsenso pa sekyulite ina, apeze geti, zonse pasanathe ola. Munthu woti bondo lamanzere limamuvuta, amakwera sitepe za kunyumba akupumira pakati.

Ndipo ndinakumbukira china. Layini ya anti sigwira kunja kwa dziko lino. Ndinali nditanena kuti ndiwaonetsa mmene angalowere pa intaneti ya pa bwalo la ndege, koma ndi chipwirikiti chija ndinaiwala. Akangonyamuka basi, sindiwapezanso. Ndiye ndinayamba kuwajambulira mauthenga a mawu, umodzi pambuyo pa unzake. "Anti, mukatsika osatsatira anthu. Ndikubwereza, osatsatira anthu. Anthuwo akupita kotulukira, kwa apolisi. Inu muyang'ane m'mwamba, zikwangwani za olumikiza ndege. Mukasokonezeka muonetse pasi kwa aliyense wa yunifolomu." Ndinatumiza asanu ndi umodzi. Anamvetsera awiri. Kenako analemba kuti "Tikukwera," ndipo kunati zii.

Inanyamuka hafu pasiti 4 itadutsa pang'ono. Ndinakoka masutikesi kupita ku sitima. Munthu mmodzi, masutikesi awiri odzaza, imodzi ya tayala lopindika. Ku Manchester posintha sitima ndinatsala pang'ono kugubuduka nawo pa masitepe oyenda okha. M'sitima ya ku Sheffield munali modzaza anthu ochokera kuntchito, malo a katundu atatha, ndiye ndinaima pakhomo, sutikesi uku sutikesi uku. Bambo wina wa tayi anayesa kudutsa n'kung'ung'udza. Maso anga anali pa kandege kachikasu pa mapu a pa foni oonetsa pamene ndege ya anti yafika, kakuyenda pang'onopang'ono ngati nyerere. Kanali katadutsa kale dziko lonse la England, kali pamwamba pa nyanja, ine ndisanatuluke n'komwe mu Manchester.

Meseji inalowa, msuweni wanga. Chithunzi cha tenti akuikhoma pabwalo kwawo, ndi mawu akuti, "Amayi sakuyankha. Anyamuka?"

"Eya, ali m'mwamba," ndinalemba. Sindinaname. Zinazo sindinanene.

Njanji ya Manchester kupita ku Sheffield imadutsa m'mapiri, ndipo pena sitima imalowa pansi pa phiri. Tinalowa kandege katayamba kutsika. Netiweki inathawa. Ndinakweza foni m'mwamba ngati zithandiza, mumdima muja, ndikudziona nkhope pagalasi la chitseko. Titatuluka kandege kanali pompaja, osasuntha, foni ikufunafuna netiweki. Nkhosa kunja zikudya udzu ngati palibe chikuchitika. Itabwera netiweki, mapu analumpha, akuti yatera. Faifi tu 7 ya kumeneko. Anti anali atafika dziko lina, ine ndisanafike ku Sheffield.

Batire linali pa 11. Pawa banki ili ku Belgium m'thumba la jekete. Ndinatseka chilichonse, kuchepetsa kuwala, n'kutsala ndi wotchi yokha. Ndinayesa kuwaimbira, ndikudziwa kuti sizilowa. Sizinalowe. Ndinayamba kuwaona m'maganizo, mayi wamfupi wovala majekete awiri aamuna, thukuta kamukamu, akutsimphina pakati pa anthu olankhula zinenero zoti sazimva. Akapezeka pa apolisi aja opanda viza zikhala bwanji? Awatsekera m'kachipinda? Awabweza kuno? Nanga ndikamuuza chiyani msuweni wanga, nanga bambo anga? Tinalowanso pansi pa phiri lina, lalitali kuposa loyamba. Ndinawerenga mpweya wanga.

Ku Sheffield ndinatsika 6 koloko itadutsa. Ndinakoka katundu kuwoloka msewu mpaka pokwerera basi ya ku Rotherham. Dzuwa linali likadali ngwee. Basi inabwera, ine osakwera, kuopa kuti foni ilira ndili pakati polimbana ndi masutikesi. Hafu pasiti 6 ya kuno. Twente faifi tu. Twente tu 7, ndiye kuti ku Brussels geti latsekedwa. Palibe kanthu. Batire pa 4. Ndinakhala pa benchi. Ndinatsegula nambala ya msuweni wanga, chala chili pamwamba pake, ndikuyeserera mawu oyambira.

Foni inalira m'manja momwemo. Nambala yachilendo, ya kwathu. Mawu aamuna, Chichewa cha ku Lilongwe.

"Halo, ndinu mwana wa mayi a majekete awa?"

"Eya! Eya ndine! Ali kuti? Ali bwanji?"

"Dikirani, ndiwapatse. Koma achemwali, mayi anuwa amathamanga."

Kunamveka phokoso, kenako kupuma kwa wefuwefu.

"Iwe."

"Anti! Muli kuti?"

"Ndinatsatira anthu."

"Anti, mesa ndinakuuzani kuti..."

"Usandiuze kuti unandiuza, wamva? Iweyo lero usandiuze chilichonse." Anapuma kaye. "Ndinakafika mpaka pamzere wa apolisi. Nditaona zipewa ndinati ayi, si kuno. Mayi wina wokolopa ndi amene wandibweza, wandigwira dzanja mpaka pokhotera. Ndafika akuitana dzina langa pa chimkuzamawu, akulitchula molakwika. Achimwene awa ndi amene anawauza kuti dikirani, akubwera apo."

"Ndiye mwalowa? Muli mkati?"

"Ndakhala pansi. Mpando wapakati, pakati pa azibambo awiri onenepa. Unandisankhira ndiwe umenewunso?"

Ndinayamba kulira, kulira kwenikweni, kwa mamina, pamaso pa anthu odikira basi.

"Usalire, ukutha mayuniti a eni ake. Muuze mwana wanga akandichingamire mawa. Bondoli latupa, abwere ndi galimoto, osati za minibasi." Ndipo inaduka.

Gogo wina wachizungu amene anakhala pambali panga anandipatsa tishu osafunsa kanthu. Batire linali pa 2. Ndinamuimbira msuweni wanga.

"Amayi ako akubwera. Mawa masana, ubwere ndi galimoto. Koma mbale zako zili kuno."

Anakuwa moti ndinachotsa foni kukhutu. Kumbuyo kwake azimayi anayamba nthungululu. Kenako anati, "Dikira, mbale zatsala bwanji? Nanga ukulira chiyani? Chachitika n'chiyani?"

"Adzakuuza okha," ndinatero. "Sadzasiyako ngakhale chimodzi."

Basi ina inaima. Dalaivala anayang'ana masutikesi, kenako ine, n'kutsitsa basiyo mpaka pansi kuti ndithe kuwakweza.